Walleye safuna dzuwa lowala

Alipo ambiri amene amaganiza kuti chisanu chikamatha ku North America, nthawi yabwino yowedza nsomba yotchedwa walleye ndi masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amathamangira pakati pa nyanja pozama. Ambiri a iwo amabwerako chimanjamanja.

Chinsinsi chili m'maso mwa nsombayi. Kuseri kwa diso lake kuli kachikopa konyezimira kobweza kuwala, ngati ka mphaka, moti imaona bwino kukachita mdima kuposa tinsomba timene imadya. Dzuwa likawala kwambiri imabisala. Imasaka m'bandakucha, kachisisira, usiku, kapena tsiku la mitambo mphepo itavundula madzi. Tsiku limene ena amati lero kunja kwaipa, msodzi wodziwa amakonza mbedza.

Zoti imakhala pozama nazonso si zoona pa nyengoyi. Madzi akafunda kufika madigiri 6 mpaka 10, walleye imabwera posaya, pamiyala ndi nsangalabwi, kudzaikira mazira. Mu Marichi ndi Epulo imachoka m'nyanja ya Erie n'kukwera mtsinje wa Maumee ku Ohio, m'dziko la America, asodzi atangoima m'madzi olekeza m'chiuno. Amene anaonapo mpasa ikukwera mtsinje wa Bua sangadabwe.

Musakoke chingwe mwaphuma. M'madzi ozizira nsomba imachita ulesi. Jig, mbedza yokhala ndi kachitsulo kolemera kumutu, muikole kansomba ndipo igunde pansi, muinyamule pang'ono, muisiye igwenso. Nthawi zambiri imameza nyambo ikamagwa, ndipo mumangomva kulemera pang'ono. Ku Minnesota, chigawo china cha dziko la America, m'nyanja zambiri kuwedza walleye kumaloledwa kuyambira mu Meyi.