Kuwiritsa Madzi Sikuchotsa Mtovu

Pali uthenga umene umayenda pa WhatsApp pakati pa anthu a ku Zomba wonena kuti madzi a mumtsinje wa Likangala kapena a m'nyanja ya Chilwa, ngakhale atakhala ndi zitsulo zoopsa monga mtovu ndi mekyule, amayera akangowiritsidwa, ndiponso kuti nsomba ikawambidwa poizoni wake amatuluka ndi utsi. Zimenezi si zoona.

Moto umapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kamwazi, motero kuwiritsa madzi akumwa n'kofunikabe. Koma mtovu si chamoyo choti n'kufa. Madzi akamawira, nthunzi ndiyo imachoka, mtovu n'kutsalira mumphika, ndipo madzi otsalawo amakhala ndi mtovu wochuluka pa lita kuposa poyamba. Mekyule nayenso amamatirira mumnofu wa nsomba, kotero kuti kuwamba mlamba kapena kuyanika matemba sikumuchotsa. Anthu a ku Minamata ku Japan, kumene matenda a mekyule anadziwika mu 1956, anadwala chifukwa chodya nsomba za m'gombe limene fakitale inkatayiramo zonyansa.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho zimene Likangala, Domasi ndi Phalombe imabweretsa zimakhazikika m'matope. N'chifukwa chake akatswiri amayeza madzi, matope ndi nsomba zomwe mulabotale, pakuti mtovu suoneka ndi maso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 0.01 a mtovu pa lita imodzi.