Litembenuzeni kaye diresilo musanalipire

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina ku shopu yanga, mphunzitsi wa ku Chinamwali, atanyamula diresi m'jumbo. Linali lokongola ndithu, lobiriwira, la manja ofika m'chigongono. Analigula m'sitolo ya zovala zatsopano ku Blantyre pokonzekera tsiku lomwe mwana wawo ankalandira digiri ku Great Hall, ndipo ndalama yake mukanagula nayo matumba angapo a chimanga. Analivala kawiri kokha. Msoko wa m'khwapa unali utaphulika, m'chiuno likuwathina.

"A telala, tangolikulitsaniko pang'ono, ngakhale chala chimodzi," anatero.

Nditalitembenuza ndinangopukusa mutu. Pokulitsira panalibe. Nsalu ya m'kati mwa msoko anaidula mpaka pafupi ndi ulusi, n'kungoyendetsapo kamodzi makina a ovaloko, aja osoka m'mphepete mwa nsalu kuti isamasuke. Mutati muyese ndi tepi, mwina theka la sentimita.

Ndasoka zovala za amayi muno mu Zomba zaka zoposa 20, ndipo theka la ntchito yanga ndi kukonza zosoka ena. Choncho ndimaona m'kati mwa zovala zambiri kuposa momwe eni masitolo amazionera. Amayi akamadandaula kuti zovala za masiku ano sizikhalitsa, sakunama, komanso si kukalamba kapena kulakalaka zakale ayi. Zasinthadi. Zomwe zatsika kwambiri ndi za mtengo wapakati, zomwe amagula aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi a boma ndi m'mabanki. Chotchipa munthu amachidziwa kuti n'chotchipa, sayembekezera zambiri. Koma wogula chapakati amalipira akukhulupirira kuti wagula chokhalitsa, pomwe kusiyana kwake ndi chotchipacho nthawi zina ndi dzina la pakhosi basi.

Ndinaphunzira kusoka akutiuza kuti msoko uzisiya nsalu ya sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse, mpendero wa siketi ukhale wa zala ziwiri kapena zitatu. Ankadziwa kuti thupi la mayi limasintha, lero wabereka, mawa wadwala, mkuja wanenepa, ndiye chovala chiyenera kutsatira mwini wake. Ku fakitale amawerengera mwina. Akachotsa sentimita imodzi pa msoko uliwonse wa madiresi zikwi makumi, mipukutu ya nsalu yomwe apulumutsa ndi yambiri, ndipo wogula sangazindikire ali m'sitolo. Chimodzimodzi kubaya kwa singano. Chovala chosokedwa bwino singano imabaya ka 10 kapena 12 pa inchi imodzi. Zambiri zomwe zikundifika pano imabaya ka 7 kapena 8, chifukwa makina akamalumpha motalika amamaliza msanga ndipo ulusi umalowa wochepa. Ingokokani pang'ono mbali ziwiri za msoko. Mukaona timipata, ulusi ukuonekera ngati mano a munthu woseka, dziwani kuti tsiku lina mukukwera minibasi ya ku Songani udzakuchititsani manyazi.

Lainingi nayo ikusowa. Kale siketi ya ku ofesi popanda lainingi inali yosamalizidwa. Lainingi imateteza nsalu ya kunja ku thukuta, imachititsa kuti chovala chizitsetsereka bwino pathupi ndipo siketi isatupe kumbuyo mukakhala pampando tsiku lonse. Lero aichotsa, kapena aikamo kachidutswa kolekeza m'ntchafu, ndiye mayi amakagulanso pitikoti. Matumba nawo ndi onamizira, kungosoka chivindikiro pamwamba. Majekete a suti ambiri m'kati samasoka, amangomata ndi nsalu ya guluu. Ikanyowa kangapo guluuyo amamatuka, pachifuwa n'kutuluka matuza omwe palibe simbi ingawathetse.

Koma nkhani yaikulu ili pa nsalu yeniyeniyo. Chaka cha 2011 mtengo wa thonje pa msika wa dziko lonse unakwera mpaka kudutsa madola awiri pa paundi (muyeso wa pafupifupi theka la kilogalamu), zomwe zinali zisanachitikepo. Makampani ambiri anathawira ku poliyesita, yomwe imapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, ndipo mtengo wa thonje utatsika sanabwerere onse. Lero kuposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko ndi poliyesita. Ine sindidana nayo poliyesita. Yunifomu ya ana asukulu yosakaniza thonje ndi poliyesita imapirira kuchapa kwa sabata iliyonse kuposa ya thonje lokha. Vuto ndi yopyapyala ija, yoti mukaiyang'anitsa padzuwa mumaona dzanja lanu mbali inayo. Siimwa thukuta, ndiye mu Okutobala mumakhala ngati mwavala jumbo, fungo nalo limakanirira m'khwapa. Mukangoiika simbi ya makala yotentha kwambiri, imanyezimira pomwepo kapena kubooka kumene.

Ngakhale yolembedwa kuti thonje lokhalokha si yonse yabwino. Thonje la ulusi wautali limapereka nsalu yosalala, yolimba. La ulusi waufupi ndi lotchipa, ndipo nsonga zake zimatuluka n'kupotana kukhala timibulu tija timadzadza m'khwapa ndi pomwe pamakhudza lamba wa chikwama. Palinso visikosi, yofewa bwino m'manja, yozizira pathupi, koma ikanyowa imafooka ndipo imafupika. Diresi lofika m'mawondo limabwera kuchokera pachingwe lili pamwamba pa mawondo. Ndiye pali ulusi wotamuka, womwe pa kapepala amalemba elastane kapena spandex. Uwu opanga amaukonda pa chifukwa chomwe ogula ambiri sachidziwa. Kuti diresi la nsalu yosatamuka likhale bwino pa chifuwa, m'chiuno ndi m'mbuyo, pamafunika kudula mwaluso, timisoko topinda, zipi, ndi masaizi ambiri. Nsalu yotamuka imabisa zonsezo. Amangodula S, M ndi L, thupi lanu n'kumaliza ntchito ya telala. Koma ulusi umenewu umaopa kutentha, ndipo ife timayanika padzuwa la masana n'kusita ndi simbi yamoto. Pakapita miyezi ingapo mawondo a thalauzi atupa, khosi la bulauzi lalendewera.

Zonsezi zili ndi pomwe zinayambira. Mpaka kumapeto kwa 2004 kunali malire a kuchuluka kwa zovala zomwe maiko osauka ankaloledwa kugulitsa ku Ulaya ndi ku America. Malirewo atachotsedwa mu Januwale 2005, ntchito yosoka inakhamukira ku China, Bangladesh ndi Vietnam, mitengo n'kugwa. Makampani ngati Zara ya ku Spain ndi H&M ya ku Sweden anazoloweza anthu kuona masitayilo atsopano pakangopita masabata ochepa, kenako kampani ya Shein inabwera ndi kugulitsa pa intaneti motchipa kuposa pamenepo. Kampani ya mtengo wapakati inapezeka pampanipani. Ikakweza mtengo ogula athawa, ikati isunge mtengo, iyenera kudula penapake, ndipo imadula posaoneka. Wosoka wa ku fakitale amamuwerengera mphindi pa chovala chilichonse, sangaime kuti awongole msoko wokhota. Ine sindiwanena anzangawo. Nyumba ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale a zovala, itagwa ku Bangladesh mu Epulo 2013 inapha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo amayi osoka ngati ine.

Kwathu kuno pali mtolo wina pamwamba pake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola nawo osapezeka. Mayi wokaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Johannesburg kapena ku Guangzhou ku China amapeza sitayilo imodzi ili m'magiredi angapo: maonekedwe ofanana, nsalu yosiyana. Ndalama yomwe kale inkagula giredi yapamwamba lero ikugula yapansi, ndipo iye akudziwa kuti kasitomala wake wa ku Matawale malipiro sanakwere. Amatenga yapansiyo, mtengo n'kukhalabe wowawa. Chomvetsa chisoni n'chakuti thonje timalima tokha ku Balaka ndi ku Chikwawa, koma lambiri limatuluka m'dziko lisanasanduke nsalu. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe nsalu zake tinakulira, inagulitsidwa mu 2003, ndipo nsalu zambiri zomwe timasokera lero ndi zochokera kunja.

Ena amati bola kaunjika. Zinali choncho, ndipo mpaka pano mukalawirira potsegula belo mu msika wa Zomba mutha kupeza siketi yakale yolemera, ya lainingi, mpendero wosokedwa pamanja, yoti ivalidwanso zaka khumi. Koma kaunjika ndi zomwe azungu anagula zaka zingapo zapitazo. Akamagula zopepuka, ifenso belo limatibweretsera zopepuka, zitatopa kale. Ogulitsa okha amanena kuti zosankha m'belo zikuchepa.

N'chifukwa chake makasitomala anga ndimawauza kuti asachite manyazi m'sitolo. Tembenuzani chovalacho, wogulitsa ayang'ane. Onani ngati msoko wasiya nsalu, werengani kapepala ka m'mbali kolemba zomwe anapangira nsaluyo, osati ka pakhosi. Finyani nsalu m'dzanja kwa kanthawi muone makwinya ake, ipakeni ndi chala pamalo amodzi muone ngati ikutulutsa ubweya. Ngati ndi ya mizere kapena mabokosi, onani ngati mizereyo yakumana pa msoko wa m'mbali; kukumanitsa mizere kumadya nsalu, ndiye amene wavutikira zimenezo kawirikawiri wavutikiranso zina. Zipi itseguleni kangapo. Batani lapadera losokedwa m'kati nalo limakuuzani kuti wopanga ankayembekezera kuti chovalacho chikhala mpaka batani lina kutayika.

Diresi la aphunzitsi aja linali ndi lamba wa nsalu yomweyo. Ndinawapempha kuti tiphe lambayo, anavomera monyinyirika. Ndinaumasula, n'kudulamo tizidutswa tiwiri tosongoka, kulowetsa m'mbali kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, kenako misoko yonse ndinaibwereza ndi singano yobaya pafupipafupi. Akatsitsa manja sizioneka. Ndinawauza kuti azichapa ndi madzi ozizira, kuyanika pamthunzi, ndipo posita azilitembenuza n'kuyalapo kansalu konyowa. Potuluka anaima pakhomo n'kufunsa kuti sitayilo yomweyo ingafune mamita angati a chitenje. Ndinati anayi, pamodzi ndi lainingi, ndipo ndinatenga tepi.