Kalulu Akakulumani, Yang'anani Makutu ndi Mchira Musanatole Ndodo

Ndatopa nako kumva alimi akunena kuti kalulu wawo walusa chifukwa chakuti wawagunda chala ndi mano, ndipo chondiwawa kwambiri n'chakuti dandaulo limeneli limandipeza chilango chitaperekedwa kale: kalulu wamenyedwa pamphuno, wamanidwa chakudya, kapena wathera mumphika pamene anali make woswa bwino. Pa ntchito yanga yosamalira umoyo wa ziweto akalulu olusadi ndimawaona, koma ambiri amene amanenedwa choncho amakhala kuti akungofufuza chinthu, akuopa, kapena akumva ululu, ndipo zitatu zimenezi sizifanana m'pang'ono pomwe kwa munthu amene waphunzira kuyang'ana thupi lonse la chiwetocho.

Maso a kalulu ali m'mbali mwa mutu, moti amaona pafupifupi mbali zonse, ngakhale kumwamba kumene kumachokera mphamba, koma pali malo amodzi amene saonapo, ndiwo patsogolo penipeni pa mphuno yake. Mukamubweretsera dzanja pamalo amenewo, iye amalizindikira ndi fungo, ndevu, milomo, kenako mano. Ngati dzanjalo langothyola kumene kholowa kapena chisoso, kapena lili ndi mchere wa thukuta, n'zosadabwitsa kuti alilawe. Kalulu wachidwi amaimika makutu kapena kuwalozetsa kutsogolo, amatalikitsa khosi miyendo yakumbuyo itatsalira, amayamba wanunkhiza, ndipo akagwira ndi mano amagwira mopepuka n'kusiya msanga, khungu osang'ambika. Wina amanyambita dzanja kaye kenako n'kuteketa pang'onopang'ono m'mphepete mwa malaya kapena chitenje, monga mmene amachitira posamalira ubweya wa mnzake m'khola, ndipo ameneyo wakuzolowerani. Palinso kutsina kumodzi kwachangu kumene kumangotanthauza kuti mwamutsekera njira kapena mwamugwira nthawi yaitali. Kumawawa ndithu, koma akatero amapitiriza zake osakutsatirani.

Wolusa samayamba ndi mano. Makutu amagona chagada, mchira umadzuka, thupi limauma n'kupendekera kutsogolo, ndipo amatulutsa kaphokoso kam'mero kodzuma asanalumphire dzanja, nthawi zina akumenya ndi miyendo yakutsogolo. Akaluma amakanirira mpaka magazi kutuluka. Akamaguguda pansi ndi miyendo yakumbuyo ali pakona, maso atatong'oka, dziwani kuti ndi mantha, ndipo chiweto chamantha chimene chasowa kothawira chimaluma ngakhale mwini wake. Zizindikiro zonsezi zimaoneka kuluma kusanachitike, koma anthu amalowetsa dzanja m'khola maso ali kwina, ndiye amati wawadzidzimutsa.

Kawirikawiri ukali umayamba kalulu akakhwima, pa miyezi 4 mpaka 6, makamaka wamkazi, amene amaliyesa khola malo ake oberekera. N'chifukwa chake pokweretsa timatenga wamkazi kupita naye kwa wamphongo. Mukachita zosemphana, wamphongoyo akhoza kutuluka ndi mabala. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, ndipo akayandikira kuswa amazula ubweya wake n'kumanga chisa, nthawi imene safuna dzanja lililonse pafupi. Palinso bere labodza, limene limatha masiku 16 mpaka 18: amamanga chisa, amalusa, koma ana osaoneka, kenako amabwerera mwakale yekha. Ameneyu safunika mankhwala kapena ndodo. Muikireni chakudya mwakachetechete, ndipo khola muzikonza iye ali kwina.

Chimene ndikufuna kuti alimi achigwiritse n'chakuti kalulu wofatsa akasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kuluma, popanda bere kapena chisa, muyambe mwaganiza za ululu. Mano a kalulu sasiya kukula moyo wake wonse, ndipo akutsogolo amawonjezera pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Chimene chimawaperepesa ndi kutafuna udzu ndi masamba olimba kwa maola ambiri. Mlimi amene amangothira madeya m'mawa ndi madzulo, poganiza kuti ndiye akunenepetsa, amasiya mano am'kati akutalika n'kusongoka mpaka kucheka lilime ndi masaya. Kalulu wotere amatuluka malovu n'kunyowa chibwano, amatola chakudya n'kuchigwetsa, amakukuta mano mwamphamvu atadzipinda pakona, ndipo mukamugwira kumutu amaluma. Nthata za m'makutu nazo zimachita chimodzimodzi: mkati mwa khutu mumadzaza nkhanambo zokhuthala, iye n'kumapukusa mutu ndi kudzikanda. Ndiye taganizani kalulu wa makutu otere akunyamulidwa ndi makutu omwewo, monga mmene ambiri amachitirabe mpaka lero. Kalulu sanyamulidwa ndi makutu. Dzanja limodzi limagwira pachifuwa, lina limachirikiza kumbuyo, chifukwa akaphiriphitha ali lende akhoza kuthyoka msana.

Pali kalulu wina amene sindimuiwala. Anali wamkazi, wa banja lina limene linkadalira akalulu pogulira ana makope, ndipo analuma mtsikana wamng'ono amene ankamudyetsa tsiku ndi tsiku. M'malo mofunsa kwa mlangizi wa ziweto, bambo ake anaitana munthu wina wam'mudzi momwemo amene amadzitcha wodziwa, ndipo iye anadula mano akutsogolo ndi pulayazi kuti asadzalumenso. Dzino la kalulu likapanidwa chotero limang'aluka m'litali mpaka kumuzu, ndipo tizilombo timalowera pamenepo. Pofika naye kwa ine, nsagwada inali itatupa ngati dzira la nkhuku, m'kati muli mafinya olimba amene satuluka pofinya, ndipo chiwetocho chinali mafupa okhaokha. Nditatsegula makutu ndinapeza nkhanambo zodzaza mpaka kukhomo. Mtsikanayo anandiuza yekha kuti ankamukoka makutu pomutulutsa, popeza ndi mmene anaonera akuluakulu akuchitira. Nthatazo zikanatha ndi jakisoni wa ivermectin woperekedwa ndi wodziwa mlingo wake, koma nsagwada yovunda sindikanaibweza, ndipo kaluluyo anafa. Chimene chimandivutabe n'chakuti wodula manoyo analipidwa, ndipo banjalo linkamuyamikira kuti kalulu wasiya kuluma, osadziwa kuti wasiyanso kudya.

Anthu oterewa alipo ambiri, ndipo pulayazi si chida chawo chokha. Ena amatsegula makapisozi a amoxicillin ogula paokala n'kusungunulira m'madzi akumwa, chonsecho mankhwala a gulu la penicillin akamwedwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a kalulu, n'kuyambitsa kutsegula m'mimba kumene kumatha ndi imfa. Ena amamudontheza mankhwala a utitiri wa agalu okhala ndi fipronil, amene kwa kalulu ndi poizoni. Mankhwala amene anachiza galu, nkhuku kapena mwana wanu musawayese pa kalulu musanafunse dokotala wa ziweto. Ndipo musachedwe: kalulu amene watha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi ali pangozi, chifukwa matumbo ake akaima savomera kudikira tsiku la msika kapena kutha kwa mwezi. Chiwetochi chimabisa matenda mwachibadwa, moti inu mukamazindikira kuti chadwala, vuto limakhala litapita kale patali.

Kwa amene akungoteketa mwachidwi, ntchito yake ndi yochepa. Sambani m'manja musanamugwire, mufikeni cham'mbali kumene akukuonani, ndipo akatsina chotsani dzanja modekha osamumenya, chifukwa kumenya kumamuphunzitsa kuti dzanja ndi mdani, ndiye mawa adzayamba yekha kukulumani. Mupatseni udzu wokwanira usana ndi usiku, nsenjere, masangwe a mtedza ndi kholowa, madeya akhale ongowonjezera, ndipo m'khola muikemo kabokosi kobisalamo.

Inunso amene mwalumidwa mpaka magazi, musangomanga kansalu. Tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala kuti akaone za katemera wa kafumbata, makamaka ngati bala ndi lakuya kapena layamba kutupa ndi kutentha, popeza m'kamwa mwa kalulu mumakhala tizilombo totchedwa Pasteurella timene timaoletsa bala. Chiwewe sichipezeka kawirikawiri mwa akalulu, koma ngati khola linathyoledwapo ndi galu masabata apitawo, kapena kaluluyo ali ndi bala losadziwika chiyambi chake ndipo wasintha khalidwe, auzeni achipatala tsiku lomwelo, ndipo chiwetocho musachiphe n'kudya mlangizi asanachione.