Chisanu sichilowa m'mafupa: vuto la ku Glasgow ndi dzuwa

"Anesi, chisanu chandilowa m'mafupa." Mawu amenewa ndimawamva chaka chilichonse Januwale akamatha, kuchipatala kumene ndimagwira ntchito kuno ku Glasgow, komanso kutchalitchi, kumene anthu akwathu akangodziwa kuti ndiwe namwino amakukokera pambali tiyi usanamalize n'komwe. Wina amati ndi nyamakazi ya kumtundu kwawo. Wina amati ndi ukalamba, chonsecho zaka 40 sanakwanitse. Wina sanena kanthu, koma umachita kuona pamaso kuti akuganiza za azakhali ena kumudzi amene sanakondwe atamva zoti mwana wa mlongo wawo wakwera ndege. Zanditopetsa, choncho ndilembe kamodzi, ndipo amene awerenge akauze anzawo.

Chisanu chimaumitsa zala, chimang'amba milomo, chimatha kupha munthu wogona panja kapena agogo okhala m'nyumba yosatenthetsa. Koma sichikakhazikika m'chiuno ndi m'ntchafu miyezi itatu. Munthu wakuda amene wakhala mumzinda uno akamadandaula kuphwanya kwa thupi kosatha nyengo ino, chinthu choyamba chimene ndimaganiza ndi vitamini D, ndipo magazi akayezedwa nthawi zambiri amandivomereza.

Vitamini ameneyu timamupanga tokha pakhungu dzuwa likatiwomba. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho kwathu dzuwa limadutsa pamutu chaka chonse ndipo palibe amene amaliganizira. Glasgow ali pa madigiri pafupifupi 56 kumpoto. Pa 21 Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, pofika 3:45 masana lalowa kale. Ambiri amaima pamenepo n'kumati vuto ndi kufupika kwa tsiku. Ayi. Ngakhale tsiku limene kumwamba kwayera, inu mwaima pa Buchanan Street dzuwa likukuthobwani m'maso, palibe chimene khungu lanu likupanga. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limayenda m'munsi kwambiri, ndipo kuwala kwa mtundu wa UVB, kumene khungu limafuna, kumathera m'mlengalenga kusanatifike. Yang'anani chithunzithunzi chanu masana: chikakhala chachitali kuposa inuyo, dzuwa limenelo ndi lounikira njira basi. Zokhala pawindo muli ndi kapu ya tiyi n'kumati ndikuothera dzuwa, iwalani, chifukwa galasi limatchinga UVB ngakhale mu Julayi.

Khungu lakuda linapangidwira dzuwa lamphamvu. Limatiteteza, koma limafuna nthawi yaitali padzuwa kuti lipange vitamini D wofanana ndi amene mzungu amapanga m'kanthawi kochepa. Onjezerani ntchito zimene ambirife timagwira: shifiti ya usiku kunyumba zosamalira okalamba, kugona masana makatani atatsekedwa, kutuluka titavala jekete, chipewa ndi magolovesi. Alipo amene ngakhale mu Juni dzuwa saliona. Thupi limasunga kochepa kamene linapanga m'miyezi yotentha, n'kumatapa pang'onopang'ono ngati chimanga cha m'nkhokwe, ndipo monga mmene zimakhalira kumudzi, Febuluwale ndi amene amaulula kuti munakolola zochuluka bwanji. N'chifukwa chake madandaulo amachuluka chisanu chikamapita kumapeto, osati chikamayamba.

Popanda vitamini D matumbo satha kuyamwa bwino kashiamu wa m'chakudya, ndiye mafupa amayamba kufewa ndipo minofu imafooka. Kwa wamkulu zimamveka chonchi: kuwawa kwa pansi pa msana, m'chiuno, m'nthiti ndi m'miyendo, kopanda malo amodzi oti n'kuloza, kulephera kudzuka pampando osagwira m'mawondo, kukwera masitepe a nyumba zakale zosanja za mumzinda uno mochita kudzikoka ndi chitsulo cha m'mbali. Zikafika patali munthu amayenda mopendama uku ndi uku. Kwa mwana ndi matewe, kutupa kwa mfundo za m'manja, kuchedwa kumera mano, kuchedwa kuyenda, ndi liwombo lochedwa kutseka.

Musaganize kuti matendawa tabwera nawo ife. Mzinda uno unali wotchuka ndi matewe kalekale, pamene ana a anthu osauka ankakulira m'tizipinda tamdima, kunja utsi wa malasha wa m'mafakitale utaphimba kumwamba. Mu 1919 wasayansi wa ku Britain, Edward Mellanby, anaonetsa kuti tiagalu tosungidwa m'nyumba n'kumadyetsedwa phala la oats, lomwe linali chakudya cha tsiku ndi tsiku ku Scotland, tinkadwala matewe, ndipo mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod ankatichiritsa. Funsani agogo aliwonse amene mukuwasamalira kuntchito, akuuzani za sipuni ya mafuta onunkhawo imene ankamwetsedwa ali ana, ndipo nkhope aikwinya mpaka lero. Matendawa anadzabweranso pakati pa mabanja ochokera ku Pakistan ndi India, moti mu 1979 akuluakulu a zaumoyo mu Glasgow anayambitsa ntchito yapadera yogawira ana awo vitamini D. Eni mzinda anaphunzira. Amene tikuyambiranso pachiyambi ndi ife obwera kumene.

"Koma ine ndimadya bwino." Ndikudziwa, mayi. Vuto si njala. Nsima, nyemba, kabichi, mpunga, nthochi: zonsezi zilibe vitamini D. Zakudya za eni dziko za nyengo ino nazonso sizithandiza kwenikweni. Phala la oats m'mawa, supu wa lentil kapena Scotch broth masana, nyama yogaya ndi mbatatesi madzulo, haggis (chakudya cha zam'kati za nkhosa) wa pa chikondwerero cha Burns Night pa 25 Januwale, zonsezi zimakhutitsa ndi kutenthetsa thupi, ndipo ine supu wawoyo ndimamukonda kuposa mmene ndinkayembekezera, koma pa nkhani yathuyi muli kochepa. Nsomba yokazinga ndi tchipisi imene anthu amagula Lachisanu madzulo kawirikawiri imakhala haddock, nsomba yoyera yopanda mafuta. Mkaka wa ng'ombe wa m'sitolo za ku Britain nthawi zambiri sauthira vitamini D monga amachitira ku America kapena ku Finland, choncho amene anawerenga pa intaneti kuti kapu ya mkaka ikwanira anawerenga za dziko lina.

Nsomba zamafuta ndi zimene zili naye: mackerel, herring, salmon, ndi sardines za m'zitini zotsika mtengo zija. Mumapezekanso pang'ono m'chikasu cha dzira, m'chiwindi, ndi m'zakudya zina za m'mawa zimene analemba pabokosi kuti anathiramo. Chiwindicho amayi oyembekezera asadye, chili ndi vitamini A wochuluka moti n'kuvulaza mwana. Chimandidabwitsa n'chakuti anthu akwathu amakwera mabasi awiri kukafuna nsomba youma yodula kusitolo ya zakudya za ku Africa, n'kudutsa mackerel amene amatsitsidwa wochuluka padoko la Peterhead m'dziko momwe muno. Muphikeni ndi tomato ndi anyezi, nsima itsika. Mukafuna kumuwotcha pamakala, wotcherani panja ngakhale kukugwa mvula. Makala oyaka m'nyumba ya mawindo otseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire n'kupha banja lonse lili m'tulo. Nyumba za kuno si khitchini ya udzu yolowa mphepo paliponse.

Ngakhale mutadya mackerel kawiri pa sabata, n'kovuta kukwanitsa ndi chakudya chokha. Malangizo a boma ndi osavuta: aliyense amwe ma microgram 10 a vitamini D tsiku lililonse, omwe pabotolo amalembedwanso kuti 400 IU, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ife akhungu lakuda tizimwa chaka chonse. Mwana woyamwa bere apatsidwe madontho a ma microgram 8.5 mpaka 10 tsiku lililonse kuyambira atangobadwa. Womwa mkaka wa m'chitini woposa 500 ml patsiku safunika madontho chifukwa mkakawo unathiridwa kale. Ku Scotland amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zitatu amalandira mavitaminiwa ulere. Funsani mzamba kapena health visitor wanu, namwino woyendera mabanja a ana aang'ono. Enafe timagula m'sitolo wamba, ndipo botolo la miyezi ingapo silifika n'komwe pa mtengo wa nkhuku ziwiri.

Pali mwana wina amene nkhani yake sindinaiiwale. Anali woyamwa, wonenepa bwino, chaka asanakwanitse. Mayi ake anagwira ntchito ya usiku pafupifupi mimba yonse, choncho mwanayo anabadwa wopereweredwa kale, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale uli chakudya chabwino kuposa china chilichonse, vitamini D uli naye wochepa. Madontho anapatsidwa. Anawaika m'dilowa. Maganizo awo anali akuti mwana sakudwala, mankhwala ndi a chiyani. Mwanayo atayamba kuvuta usiku, kutuluka thukuta m'mutu, liwombo lili lalikulu, anaimbira agogo ake kumudzi. Agogo anachita zimene agogo aliyense wokonda mdzukulu akanachita: anapeza mankhwala a liwombo n'kudikira munthu wobwera kuno kuti awatenge. Podikirapo panatuluka nkhani ya tsempho, bambo a mwana n'kuyamba kufunsidwa kumene amapita akati ali kuntchito. Masabata anapita anthu akuweruza mlandu pafoni.

M'mwezi wa Malichi, m'bandakucha, mwana anakomoka n'kumaphiriphitha, thupi losatentha n'komwe. Kashiamu m'magazi anali atatsikiratu. Kuchipatala anapezanso kuti mtima wake unali utakula ndi kufooka, chifukwa nawonso ndi mnofu ndipo umadalira kashiamu kuti ugunde. Anapulumuka, koma anamwa mankhwala a mtima kwa miyezi yambiri. Nditapita kukawaona kunyumba, mayi aja anatsegula dilowa n'kundionetsa kabotolo ka madontho kasanamatulidwe n'komwe. Sindinawakalipire, analira mokwana. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti palibe aliyense m'banjamo amene anali wosasamala. Onse ankathamanga, koma kothamangira kunali kolakwika, ndipo ukwati uja mabala a milandu ija sunachire nawo msanga.

Mwana akakomoka, akauma manja ndi miyendo, kapena akamapuma mwaphokoso lachilendo, imbani 999 nthawi yomweyo. Abusa muwaimbire muli kale m'ambulansi.

Tsono pali amalonda. Nyengo ino magulu a WhatsApp a anthu akwathu amadzaza ndi tiyi wotsuka magazi, ufa wochotsa chisanu m'mafupa, ndi mabotolo a makampani aja oti ukagula umakopanso anzako kuti agule. Wogulitsa ndi mlongo wa kutchalitchi, ndiye kukana kumavuta. Munthu amawononga malipiro a mashifiti awiri pa zinthu zimene sizinalembedwe n'komwe kuti muli chiyani, miyezi n'kumapita, mafupa akufewabe. Oopsa kwambiri ndi amene anamva pang'ono za vitamini D n'kumagulitsa makapisozi a 50,000 IU kuti muzimwa tsiku ndi tsiku. Vitamini ameneyu satuluka ndi mkodzo monga vitamini C, amaunjikana m'thupi. Akachuluka, kashiamu amakwera m'magazi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kusokonezeka mutu, kenako impso kuwonongeka. Wamkulu asapitirire ma microgram 100, omwe ndi 4,000 IU, patsiku. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 10 asapitirire 50, wakhanda asapitirire 25. Inde, dokotala amatha kulemba mlingo waukulu, koma amatero atayeza magazi, kwa masabata owerengeka, akudziwa mbiri ya impso zanu. Amene munadwalapo miyala ya mu impso kapena sarcoidosis, matenda a tizotupa amene kawirikawiri amagwira mapapo, funsani dokotala musanamwe ngakhale mlingo wamba. Mabedi a magetsi amene azungu ena amagonamo kuti khungu lide, musayese n'komwe, amayambitsa khansa ya pakhungu.

Ndiyeno musachoke pano n'kumati chilichonse ndi vitamini D, chifukwa kumeneko ndi kuchedwa kwa mtundu wina. Kutopa kungakhale kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, kapena matenda a maganizo amene mdima wa miyezi ino umawakulitsa, ndipo munthu amene sakufunanso kudzuka kapena kuonana ndi anzake akufunika kulankhula ndi dokotala, osati kuuzidwa kuti alimbe mtima. Chifuwa chopitirira masabata atatu, thukuta la usiku ndi kuonda, kwa munthu wochokera kwathu ndi TB mpaka atayezedwa n'kupezeka kuti si iyo, ndipo TB imagwiranso msana. Kuwawa kwa malo amodzi kumene kukukudzutsani usiku sikufuna piritsi la m'sitolo. Mukamwa ma microgram 10 aja koma thupi likuphwanyabe, kapena ngati mwafika kale polephera kukwera masitepe, pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, mukafotokoze zonse ndi kupempha kuyezedwa magazi, chifukwa mlingo wotetezawo suchiza munthu amene wapereweredwa kwambiri. Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo ku Scotland mankhwala olembedwa ndi dokotala salipiritsa kuyambira mu 2011. Usiku kapena kumapeto kwa sabata, chipatala chanu chitatseka, imbani 111.