Njerwa zakale za ku Mangochi zimafuna laimu, osati simenti

Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ngati linga la atsamunda lotchedwa Fort Johnston, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Mu 1897 inasamukira kutsidya la kumadzulo komwe ili lero. Mukaima pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi mumaona nsanja ya wotchi ya njerwa yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo chapafupi pali nyumba yomwe inali Gymkhana Club, imene tsopano ndi Lake Malawi Museum.

Ife amene timakonza nyumba zoterezi timaopa mmisiri wa mtima wabwino wonyamula thumba la simenti kuposa mmene timaopera mvula.

Njerwa zakale zinkaumbidwa pamanja m'chikombole n'kuotchedwa mu uvuni wa nkhuni, choncho n'zofewa ndipo zimamwa madzi. Omanga ankazilumikiza ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, kapena ndi matope. Tauni ya m'mbali mwa mtsinje nthaka yake siuma msanga, ndiye chinyezi chimakwera kuchokera m'maziko kulowa m'khoma. Laimu amachilola kutuluka kudzera m'mizere ya pakati pa njerwa. Mzere ukafumbutuka patapita zaka, mmisiri amangokolopola n'kuikamo wina, njerwa ili yosakhudzidwa.

Simenti ndi yolimba ndipo imatsekera madzi mkati. Mukaimata m'mizere, chinyezi chimasowa potulukira n'kudzera m'njerwa momwemo. Madziwo amakwera ndi mchere wa m'nthaka. Akauma, mcherewo umatsala n'kumatupa mkati mwa njerwa mpaka nkhope yake kuyamba kusuwa. Yang'anani m'munsi mwa khoma, chakufupi ndi bondo lanu: mukaona ufa woyera, njerwa zitaloweka mkati koma mizere ya simenti itatsala ili tolotolo, dziwani kuti wokonzayo ndiye anabweretsa matendawo. Pulasitala wa simenti ndi penti wa mafuta amachita zomwezo, kungoti amabisa vutolo mpaka chigamba chonse chitagwa.

Mosiyana ndi vuto la simentili, denga lodontha ndi chiswe cha m'mitanda zimaoneka msanga, ndipo eni nyumba ambiri amadziwa chochita nazo.

Nanga zikwangwani zofotokoza mbiri ya zinthu zakale? Pafupi ndi nsanja ija pali mfuti ya Hotchkiss ya pa sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inalemaza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja ya Malawi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagubuduka mu 1946. Popanda malemba ofotokoza mbiri ya zinthuzi, mwana wa sukulu wodutsa pamenepo angangoona chitsulo ndi njerwa. N'chifukwa chake ndimafuna kuti nyumba iliyonse yakale ikhale ndi chikwangwani chake, cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao osati m'Chingerezi chokha, ndipo chizitchulanso anthu akuda amene anaponda dothi ndi kuotcha njerwazo.

Koma chikwangwani nachonso chingavulaze khoma. Pochikhoma, boolani m'mzere wa laimu osati m'njerwa, pakuti mzere umabwezeretseka pomwe njerwa yoboola siibwerera. Misomali ikhale yosachita dzimbiri, chifukwa dzimbiri limatupa n'kung'amba khoma. Potsuka, madzi ndi bulashi yofewa n'zokwanira. Sandipepala amafufuta malemba. Ndipo ngati nyumba yanu ili m'gulu la zotetezedwa ndi boma, kaonaneni kaye ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments musanagumule kapena kumata chilichonse.