Chala chikatupa usiku, musathamangire kutema mphini

Abale athu a ku Nkhotakota, kuyambira kumadoko a asodzi mpaka ku Dwangwa, tamverani. Kuchipatala tikulandira anthu phazi litachita kale mafinya chifukwa anayamba atemetsa mphini poganiza kuti anaponda mankhwala panjira. Ena mwa iwo vuto lawo linali gauti basi, mtundu wina wa nyamakazi.

Gauti amabwera asidi wotchedwa uric acid akachuluka m'magazi, impso zikamalephera kumutulutsa mokwanira mumkodzo. Asidiyu amauma n'kusanduka timibulu tosongoka ngati singano m'mfundo za mafupa. Mowa, chiwindi ndi zam'kati zina, nyama yochuluka, zakumwa za shuga, kunenepa kwambiri ndi matenda a impso zimakolezera vutoli. Kwa ena n'zakumtundu. Limagwira kwambiri abambo, komanso amayi amene anasiya kusamba. Mankhwala ena a BP monga hydrochlorothiazide, ndi a TB otchedwa pyrazinamide, amakwezanso asidiyu, koma musawasiye panokha; kambiranani ndi adokotala.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti gauti amabwera mwadzidzidzi. Munthu wagona bwinobwino, pakati pa usiku wadzidzimuka chala chachikulu chakuphazi chatupa, chikutentha, khungu likunyezimira, ngakhale chofunda osafuna chimukhudze. Nthawi zina ndi kakolo kapena bondo. Pakapita masiku angapo mpaka masabata awiri ululu umatha wokha, ndiye wina amati mphini zija zagwira ntchito. Ayi ndithu. Asidi uja akadalimo, ndipo ululuwo udzabweranso. Pakapita zaka, mfundo zimapindika, pamamera tizotupa tolimba m'zala ndi m'makutu, ndipo impso zimatha kuchita miyala.

Kuchipatala cha boma cha Nkhotakota kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi, adokotala adzaona potupapo ndi kufunsa zimene mumadya ndi mankhwala amene mukumwa. Pangafunike kuyeza magazi, mwina kawiri, chifukwa asidiyu amatha kuoneka wochepa ululu uli pachimake. Nthawi zina amatenga timadzi ta m'mfundomo kukaunika pamakina.

Chonde, lumo lisafike paphazi lotupa, makamaka ngati muli ndi shuga, pakuti bala lake limavuta kupola. Indosidi ndi Brufen wogula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku amawononga impso ndi m'mimba. Ndipo ngati kutupako kwabwera ndi kutentha thupi kapena kunjenjemera, mwina m'mfundomo mwalowa tizilombo. Musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.