Kulandira alendo a masiku ochepa ndi bizinesi ndithu

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti ukamagoneka alendo olipira m'nyumba mwako kwa masiku awiri kapena atatu, sufunika chilolezo kapena kulipira msonkho, ati poti nyumba ndi yako. Sizoona ayi.

Ndalama ya lendi imadulidwa msonkho, kaya mlendo wagona usiku umodzi kaya chaka. Malo ogona alendo amafunikanso laisensi. Nkhani ya puloti ndiye ambiri amaiiwala: ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe mumzinda wa Blantyre mapuloti ambiri ndi omangapo nyumba zokhalamo, ndipo kuwasandutsa malo a bizinesi kumafuna chilolezo cha khonsolo.

Musamangotumiza mauthenga a pa WhatsApp okhudza nkhaniyi musanafufuze. Werengani lizi ya puloti yanu, kenako mukafunse kukhonsolo ndi ku ofesi ya misonkho, akuyankheni polemba.